Chizungulire: chifukwa chake vuto la m'khutu amaliyang'ana m'maso

Munthu akafika kuchipatala n'kunena kuti akumva chizungulire, zotsatira zake zimadziwika kale. Amuyeza BP, amubaya chala kuti aone malungo, mwinanso aona shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Zonsezi n'zoyenera, pakuti malungo, kuchepa kwa magazi ndi kutsika kwa shuga zimachititsadi chizungulire. Koma zikapezeka kuti zonse zili bwino, ambiri amabwerera kunyumba ndi timapilisi toletsa kusanza, atauzidwa kuti akapume. Patatha sabata, denga likuzungulirabe akangotembenuka pogona, ndipo ena amafika poganiza kuti pali amene wawachita chipongwe. Chonsecho chomwe sichinayezedwe ndi kachiwalo kakang'ono kobisika m'fupa la kuseri kwa khutu, kamene ntchito yake ndi kuuza ubongo mmene mutu ukuyendera.

Kachiwaloka sikaoneka. Dokotala akaunika khutu ndi katochi kake amaona ngalande ndi nembanemba yomwe ili kumapeto kwa ngalandeyo, basi. Kuseri kwa nembanemba kuli kachipinda ka mpweya kokhala ndi timafupa titatu, ndipo kupitirira apo ndi pomwe pali khutu lamkati, lokwiririka m'fupa lolimba kwambiri la chigaza. N'chifukwa chake munthu angathe kuuzidwa kuti makutu ake ali bwinobwino pamene gwero la vuto lili m'khutu momwemo. Pofuna kudziwa mmene khutu lamkati likugwirira ntchito, madokotala amadzera njira ina. Amayang'ana maso.

Khutu lamkati lili ndi mbali ziwiri. Imodzi, yotchedwa cochlea, ndi yomvera. Inayo ndi yomwe imathandiza munthu kuima ndi kuyenda osagwa, ndipo ili ndi tizipangizo tisanu. Titatu ndi timachubu topindika, todzaza madzi, tomwe tinakhala mopingasana kotero kuti kaya mwapukusa mutu pokana, mwaugwedeza povomera, kapena mwaupendeketsa cha paphewa, kachubu kena kamamva ndithu. Mukazunguza beseni la madzi mwadzidzidzi, beseni limayenda koma madzi amayamba atsalira kaye. Zomwezo zimachitika m'timachubuti: mutu ukatembenuka, madzi otsalira aja amakankha kanthu kofewa komwe kali patsinde pa kachubu, maselo okhala ndi titsitsi amapindika, mtsempha n'kutumiza uthenga ku ubongo. Tiwiri totsalato ndi timatumba totchedwa utricle ndi saccule, ndipo mkati mwake muli timiyala tosaoneka ndi maso ta calcium carbonate, tomatirira pa kansalu kofewa. Kulemera kwa timiyalati ndi komwe kumatiuza kuti kumwamba n'kuti ndipo pansi n'kuti ngakhale titatsinzina, komanso kuti galimoto yanyamuka kapena yamanga mabuleki.

Makutu onse awiri amatumiza uthenga nthawi zonse, ngakhale munthu atakhala phee, ndipo ubongo umayerekeza mbali ziwirizi. Zikafanana, umadziwa kuti mutu waima. Mukatembenukira kumanja, khutu lamanja limaonjezera uthenga, lamanzere n'kuchepetsa. Tsono khutu lamanzere likadwala n'kusiya kutumiza uthenga, ubongo umaona kusiyana komweku, ndipo umakhulupirira kuti mutu ukuzungulira kumanja mosalekeza pamene mwini wake wagona pamphasa osasuntha. Nseru, thukuta ndi kusanza zimabwera chifukwa maso, miyendo ndi makutu zikuuza ubongo zinthu zotsutsana.

Ubale wa khutu ndi diso mungathe kuuona nokha pompano. Gwirani foni patsogolo panu, muziwerenga mawu awa kwinaku mukupukusa mutu mofulumira. Zilembo zikuonekabe. Tsopano imikani mutu, muzigwedeza foniyo pa liwiro lomwelo. Zilembo zasokonekera. Poyamba paja khutu lamkati limauza minofu ya maso kuti iwatembenuze mobwerera, pa mlingo wofanana ndendende ndi wa mutu, ndipo uthengawu umatenga mamilisekondi 10 okha kapena kuposera pang'ono. Kachiwiri kaja maso anali okha, ndipo paokha amachedwa. Ndiye khutu lodwala likanena zabodza kuti mutu ukuzungulira, maso amamvera: amasendera mbali imodzi pang'onopang'ono, n'kudumpha kubwerera, n'kusenderanso. Kuvinavina kwa masoku madokotala amati nystagmus. Mbali yomwe maso akudumphira, nthawi yomwe kuvinako kukutenga ndi chomwe chakuyambitsa, ndi zomwe pafupifupi njira zonse zoyezera zimafufuza.

Mafunso awiri, bedi ndi manja

Kuyeza kwabwino kumayamba ndi kucheza. Kale madokotala ankalimbikira kufunsa kuti chizungulirecho chikumveka bwanji, koma anthu amavutika kufotokoza, ndipo munthu yemweyo angayankhe mosiyana mukamufunsa kawiri. Masiku ano akatswiri amatsindika mafunso awiri: chimatenga nthawi yaitali bwanji, nanga chimayamba mukatani? Cha masekondi ochepa, chobwera mukagona, mukatembenuka pabedi kapena mukayang'ana kumwamba, chimaloza ku timiyala tija. Chobwera mukadzuka mwachangu, m'maso n'kuchita mdima, kawirikawiri ndi nkhani ya magazi kapena mtima, ndipo kuyeza kwake ndi BP munthu atagona kenako ataimirira, kuona ngati nambala yapamwamba yatsika ndi 20 kapena yapansi ndi 10 pasanathe mphindi 3. Chotenga mphindi 20 mpaka maola 12, khutu limodzi likulira, likumveka lodzaza ndiponso likumva movutikira, chimakumbutsa matenda omwe Prosper Ménière anafotokoza ku Paris mu 1861, pa nthawi yomwe ambiri ankati chizungulire chimachokera mu ubongo basi. China chimayendera limodzi ndi mutu waching'alang'ala, ndipo chimatha kubwera mutu osapweteka n'komwe. Ndiye pali chomwe chimagwa mwadzidzidzi n'kukhala masiku osaleka. Chimenecho tichisunge kaye.

Chizungulire cha m'khutu chofala kuposa china chilichonse ndi chotchedwa BPPV. Timiyala tina timachoka pamalo pake mu utricle n'kugwera m'kachubu, kawirikawiri kakumbuyo popeza ndi komwe kali m'munsi. Munthu akagona kapena akaweramuka, timiyalato timagubuduka, madzi n'kuyenda, ubongo n'kuuzidwa kuti mutu ukuzungulira kwambiri. Zimagwira kwambiri achikulire, amayi kuposa abambo, komanso amene anamenyetsa mutu, monga pa ngozi ya njinga yamoto.

Njira yoyezera inalembedwa mu 1952 ndi Margaret Dix ndi Charles Hallpike a ku National Hospital, Queen Square, ku London, ndipo mpaka lero imadziwika ndi mayina awo. Wodwala amakhala tsonga pabedi. Woyeza amamutembenuza mutu madigiri 45 mbali imodzi, kenako n'kumugoneka chagada mwachangu, mutu utalendewera pang'ono kupitirira m'mphepete mwa bedi. Chofunika n'chakuti wodwala asatsinzine, ngakhale thupi lonse likufuna kutero. Ngati timiyala tili m'khutu lomwe lili pansi, pamapita masekondi angapo popanda kanthu, kenako maso amayamba kudumphira m'mwamba mopotoka, wodwala n'kukakamira bedi kapena mkono wa woyezayo. Pasanathe mphindi imodzi zonse zimazilala. Kuchedwa kuja, kupotoka kuja ndi kuzilala kuja ndi zomwe zimatsimikiza. Maso akamangodumphira pansi, osayembekeza, osatopa, woyeza amayamba kuganizira za ubongo. Ngati akukayikira kachubu kam'mbali, amagoneka munthu chagada n'kumutembenuza mutu uku ndi uku.

Chomwe chimandikhudza mtima n'chakuti kuyezaku kumatenga mphindi ziwiri, sikufuna magetsi, ndipo chithandizo chake chili pabedi lomwelo. John Epley, dokotala wa makutu ku Portland m'dziko la America, anasonyeza kuti mukatembenuza mutu ndi thupi motsata ndondomeko inayake, timiyala timayenda m'kachubu n'kubwerera kwawo. Anzake anamukayikira kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yake inasindikizidwa mu 1992. Lero njira ya Epley ndi chithandizo chovomerezeka, ndipo ambiri amachira atachitidwa kamodzi kapena kawiri, ngakhale kuti vutoli limatha kubweranso. Palibe piritsi lomwe limabweza timiyala. Agogo amene akhala miyezi akugona chokhala poopa denga lozungulira sanafunikire sikani ya ndalama zambiri. Anafunikira munthu wodziwa kuwagwira mutu. Amene ali ndi vuto lalikulu la khosi kapena msana okha ndi amene ayenera kuuza woyeza asanayambe, kuti asinthe kagonekedwe.

Khutu kapena sitiroko?

Tsopano titenge munthu uja amene chizungulire chamugwira kuyambira m'mawa, sichikuleka, akusanza, ndipo maso akuvina ngakhale atakhala chete. Ambiri mwa otere ali ndi kutupa kwa mtsempha wa khutu lamkati, vestibular neuritis, komwe kumazunza kwa masiku angapo koma sikupha. Ochepa ali ndi sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo, ku cerebellum kapena patsinde pa ubongo. Sitiroko ya kumeneku imatha kubwera mlomo osapindika, mkono osafooka, n'kuoneka chimodzimodzi ndi matenda a khutu. Poti BP ndi shuga zachuluka pakati pathu, funso limeneli likutikhudza.

Mu 1988, Michael Halmagyi ndi Ian Curthoys a ku Sydney m'dziko la Australia anafotokoza njira yosavuta kwambiri. Wodwala amayang'anitsitsa mphuno ya woyeza. Woyeza amagwira mutu ndi manja awiri n'kuutembenuza mwadzidzidzi, pang'ono chabe, madigiri 10 mpaka 20, koma mwaliwiro, wodwala asakudziwa mbali yomwe ulowere. Khutu likakhala lamphamvu, maso sachoka pamphuno. Likakhala lofooka, maso amatengedwa ndi mutu, kenako n'kudumpha kubwerera pamphuno. Kadumphidwe kameneka kamaoneka popanda makina, ndipo mbali yomwe mutu unalowera ndi yomwe ili ndi vuto.

Apa pali chinthu chomwe chimadabwitsa ngakhale ophunzira zaudokotala. Kwa munthu wa chizungulire chosaleka, kupezeka ndi vuto pa kuyezaku ndi nkhani yolimbitsa mtima, chifukwa kukusonyeza kuti chadwala ndi khutu. Maso akapanda kuchoka pamphuno ndiye kuti khutu ndi mtsempha wake zikugwira ntchito. Nanga chizungulirecho chikuchokera kuti? Mwina mu ubongo. Mu 2009, Jorge Kattah, David Newman-Toker ndi anzawo ku America anaphatikiza kuyezaku ndi kwina kuwiri, zonse pamodzi n'kuzitcha HINTS. Kwachiwiri ndi kuona ngati maso akudumphira mbali imodzi yokha kapena akusintha munthu akayang'ana kumanja ndi kumanzere, ndipo kusinthako ndi chizindikiro choipa. Kwachitatu ndi kuphimba diso limodzi kenako linalo mosinthanasinthana, kuona ngati diso lovundukulidwa likukwera kapena kutsika pofuna kupeza pomwe limayang'ana. Mwa odwala 101 omwe anawafufuza, njirayi inagwira sitiroko zonse, pamene sikani ya MRI yojambulidwa m'maola 48 oyamba inaphonya 12 pa 100 zilizonse. Sikani ya CT ndiye imaona movutikira kwambiri mbali ya kumbuyo kwa ubongo matenda akangoyamba.

Koma tisatengeke. Omwe ankayeza pa kafukufukuyo anali akatswiri ozolowera ntchitoyo, ndipo m'manja mwa wosaphunzitsidwa bwino HINTS imasokeretsa. Siigwiranso ntchito kwa munthu amene chizungulire chake chimabwera n'kupita, kapena amene maso ake sakuvina panthawiyo. Munthu aliyense wabwinobwino maso ake sachoka pamphuno, ndipo zimenezo si sitiroko. Kwa ife a kunyumba, zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo n'zomveka: kulephera kuima kapena kukhala tsonga popanda wogwira, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kutsamwa pomeza, dzanzi kumaso kapena mbali imodzi ya thupi, mutu kapena khosi kupweteka modabwitsa, ndiponso khutu limodzi kugontha mwadzidzidzi.

M'chipinda cha makina

Munthu akayang'anitsitsa chinthu, kuvina kwa maso kochokera m'khutu kumachepa kapena kutha kumene. Choncho ntchito yoyamba ya zipangizo zambiri ndi kumana maso chinthu choti ayang'ane. Hermann Frenzel wa ku Germany anapanga magalasi okhuthala kwambiri, okhala ndi tinyali mkati, omwe wodwala akavala saona bwino koma woyeza amaona maso atakula. Kenako kunabwera ENG, yomata timawaya m'mbali mwa maso, ndipo lero zipatala zoyeza zimenezi zimakonda VNG: magalasi otseka kuti bii, okhala ndi timakamera toona mumdima, tojambula kayendedwe ka diso n'kutumiza pakompyuta. Kuyeza konse kumatenga ola limodzi kapena kupitirirapo. Wodwala amatsatira kadontho kowala, zomwe zimasonyeza mmene ubongo ukuyendetsera maso, amagonekedwa mosiyanasiyana, ndipo pomaliza pamabwera gawo lomwe anthu amaliopa, la madzi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Robert Bárány ankagwira ntchito pachipatala cha makutu ku Vienna, komwe ankatsuka odwala makutu ndi madzi. Wodwala wina anadandaula kuti amachita chizungulire madzi akakhala ozizira. Atamutenthetsera, madziwo anatentha mopitirira, chizungulire chinabweranso, koma Bárány anaona kuti ulendo uno maso akudumphira mbali ina. Anazindikira kuti kutentha kapena kuzizira kumadutsa m'fupa n'kuyendetsa madzi a m'kachubu kam'mbali, ofunda kukwera, ozizira kutsika, khutu n'kunamizidwa kuti mutu watembenuka. Apo panapezeka njira yoyezera khutu limodzi palokha, linzake osalowererapo. Anapatsidwa mphotho ya Nobel ya chaka cha 1914, ndipo uthenga wake unamupeza ali mkaidi wa nkhondo m'manja mwa asilikali a Russia. Anamasulidwa mu 1916, n'kukakhazikika ku Uppsala m'dziko la Sweden.

Dongosolo lomwe limatsatidwa lero analikonza ndi Fitzgerald ndi Hallpike mu 1942. Wodwala amagona chagada, mutu utadzuka madigiri 30 kuti kachubu kam'mbali kaime chilili. M'khutu amathiramo madzi otentha madigiri 44 ndi ozizira madigiri 30, kutanthauza 7 pamwamba ndi 7 pansi pa kutentha kwa thupi, khutu lililonse kawiri, kupuma mphindi zingapo pakati. Ofunda amadumphitsa maso kuloza khutu lomwe lathiridwa, ozizira kuloza linalo. Chizungulire chimabweradi, chimakula kanthawi n'kutha chokha pakapita mphindi zochepa, ndipo kubwera kwake ndi umboni woti khutu lili moyo. Woyeza amakuuzani kuti muwerenge manambala chobwerera kapena mutchule mayina a nyama, osati pofuna macheza, koma chifukwa maganizo akawodzera kuvina kwa maso kumazilala. Pomaliza kompyuta imayerekeza makutu awiriwo, ndipo kusiyana kukapitirira 20 kapena 25 pa 100, malinga ndi muyezo wa chipatalacho, khutu lofookalo limatengedwa kuti ndi lodwala. Phula la m'khutu liyenera kuchotsedwa kaye. Amene nembanemba yake inabooka, kapena khutu lake limatuluka mafinya monga zimachitikira ambiri kuyambira ubwana, sathiridwa madzi. Amagwiritsa ntchito mpweya wofunda ndi wozizira, apo ayi gawoli amalidumpha. Chosangalatsa n'chakuti mu 1983 njirayi anaiyesa m'mlengalenga, m'chombo chonyamula labotale ya Spacelab, komwe madzi ofunda alibe chowakweza poti kulibe kulemera, koma maso anavinabe. Kufotokoza kwa Bárány ndi gawo lalikulu la nkhaniyi, koma si yonse.

Njira ya madzi ili ndi malire. Imayeza kachipangizo kamodzi mwa tisanu, ndipo imafanana ndi kutembenuza mutu pang'onopang'ono kwambiri, kosiyana ndi mmene timayendetsera mutu tsiku ndi tsiku. Kuyambira cha m'ma 2009, njira ya Halmagyi ndi Curthoys inapeza makina ake, otchedwa vHIT: magalasi opepuka okhala ndi kamera yojambula zithunzi pafupifupi 250 pa sekondi ndi kachipangizo koyeza liwiro la mutu. Amayeza timachubu tonse 6 ta makutu awiri m'mphindi zochepa popanda nseru. Liwiro la diso likagawidwa ndi la mutu liyenera kuyandikira 1, ndipo pa kachubu kam'mbali likatsika pansi pa 0.8 pali kufooka. Kamerayo imagwiranso kudumpha kobisika komwe diso limachita mutu ukadayenda, komwe woyeza sangakuone. Komabe vHIT sinalowe m'malo mwa madzi. Pa matenda a Ménière si zachilendo kuti madzi asonyeze kufooka pamene vHIT ikuti zonse zili bwino.

Timatumba ta timiyala tili ndi kuyeza kwake, VEMP, komwe James Colebatch ndi anzake ku Sydney anakufotokoza mu 1994. Phokoso lamphamvu lodukizaduka limalowetsedwa m'khutu, saccule imagwedezeka, ndipo waya womata pa mnofu wa pakhosi umagwira yankho lake. Waya ukamatidwa pansi pa diso, amayeza makamaka utricle. Njirayi imathandiza kwambiri kupeza vuto lomwe Lloyd Minor wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafotokoza mu 1998, pamene fupa lophimba kachubu kapamwamba lili ndi mpata. Odwala ake amachita chizungulire ndi phokoso, ndipo ena amamva m'khutu phokoso la maso awo akamayenda. Yankho la VEMP limafooka ndi ukalamba, choncho kusowa kwake kwa agogo sikuyenera kudabwitsa.

Pamene makutu onse awiri afooka

Pali gulu la odwala lomwe limaphonyedwa kwambiri, ndipo ili limatikhudza ife mwachindunji. Makutu onse awiri akafooka mofanana palibe kusiyana koti ubongo uwerenge, choncho palibe chomwe chimazungulira. Munthu amangodzandira, makamaka mumdima ndi panjira ya mabampu, ndipo akamayenda zinthu zimadumphadumpha m'maso, moti sazindikira nkhope ya mnzake mpaka ataima. Chimodzi mwa zoyambitsa zodziwika ndi mankhwala a gulu la gentamicin ndi streptomycin, omwe amatha kuononga maselo a titsitsi aja kumva kusanakhudzidwe n'komwe. Gentamicin amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala zathu, ndipo streptomycin kwa zaka zambiri ankabayidwa kwa odwala TB obwereza mankhwala. Mu 1952 dokotala wina wa ku America, John Crawford, analemba zomwe zinamuchitikira atabayidwa streptomycin: ngakhale kugunda kwa mtima kunkagwedeza zilembo za pabuku, mpaka ankachita kutsamiritsa mutu pazitsulo za bedi kuti awerenge.

Mankhwalawa amapulumutsa miyoyo, ndipo palibe amene ayenera kuwakana chifukwa cha nkhani ino. Koma munthu amene watuluka m'chipatala atalandira majakisoni otere n'kumadzandira asangouzidwa kuti ndi kufooka kwa matenda. Kumuyeza n'kosavuta. Awerenge tchati choyezera maso mutu uli phee, kenako awerengenso woyeza akumupukusa mutu kawiri pa sekondi. Akataya mizere itatu kapena kuposera, makutu afooka. Aime pamatiresi ofewa atatsinzina, wina ali pambali kuti amugwire. Kumene kuli zipangizo, mpando wozungulira mumdima ndi womwe umasonyeza mphamvu yomwe yatsala. Mankhwala ena amasokoneza m'njira zina: quinine amachititsa makutu kulira n'kubweretsa chizungulire chomwe nthawi zambiri chimatha mankhwala akatha, pamene efavirenz, mmodzi mwa ma ARV, amabweretsa chizungulire chochokera mu ubongo m'masabata oyamba.

Kuyeza kumva kumayendera limodzi ndi zonsezi, popeza mbali ziwiri za khutu lamkati zimagawana madzi ndi njira ya mtsempha. Kugontha kwa mawu a besi kobwera n'kupita kumaloza ku Ménière, ndipo khutu limodzi likamagontha pang'onopang'ono linzake lili bwino pamafunika MRI yofufuza chotupa cha pamtsempha. Ku Malawi kuyeza kumva kumachitika, mwa zina, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Zotsatira za makina onsewa zimafuna kuwerengedwa modekha. Zimauza mphamvu ya kachipangizo kena pa tsiku loyezalo, osati dzina la matenda. Wa chizungulire cha mutu waching'alang'ala amatha kupezeka bwinobwino pa zonse, chimodzimodzi amene timiyala tinabwerera tokha dzulo lake, kapena amene khutu linachira koma ubongo unatsala uli tcheru mopitirira, vuto lomwe akatswiri amalitcha PPPD. Pepala loti zonse zili bwino silitanthauza kuti munthuyo akunamizira. Kumbali inayo, khutu limatha kupezeka lofooka chifukwa cha matenda a zaka khumi zapitazo omwe ubongo unazolowera kale, pamene chovuta cha lero ndi china.

Amene waitanidwa kukayezedwa adye pang'ono, asamwe mowa kwa masiku awiri, asadzole zodzikongoletsera m'maso chifukwa zimasokoneza kamera, ndipo apite ndi womuperekeza. Mankhwala oletsa chizungulire ndi nseru monga cinnarizine, promethazine ndi diazepam amagoneka khutu ndi ubongo, choncho kawirikawiri amaimitsidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma ndi chilolezo cha dokotala. A BP, a mtima, a shuga, a khunyu ndi ma ARV sayenera kusiyidwa. Mapilisi oletsa chizungulire omwewa amathandiza m'masiku awiri kapena atatu oyamba a matenda aakulu, koma akamwedwa kwa masabata amachedwetsa ubongo kuzolowera khutu lofooka. Chomwe chimathandiza pamenepo ndi kudzuka, kuyenda ndi kuchita masewera a mutu ndi maso omwe a fiziyo amaphunzitsa.

Popeza chizungulire chobwera n'kupita sichidikira tsiku la kiliniki, wachibale angathe kujambula vidiyo ya maso a wodwala pafoni nthawi yomwe chamugwira: pamalo powala, nkhope yonse ikuoneka, foni osaitembenuza, masekondi 20 kapena 30 wodwala akuyang'ana kutsogolo, kenako kumanja ndi kumanzere. Alembenso tsiku, mmene wodwala anagonera kapena anakhalira, mphindi zomwe chinatenga, ndi khutu lomwe linalira ngati lilipo.